Njinga Imatsala Pakhomo

Komanso mwina mayi Ajira a pa resiti hausi sanachite dala, mwina anangofuna kumulemekeza basi, chifukwa atangomuona akutsitsidwa pa lole ya chimanga yochokera ku Katuli m'mawa uja, fumbi mpaka m'nsidze, anathamangira kukamutsegulira rumu ya mabwana, ija amati selufu, ya bafa ndi toileti m'kati momwemo, nkumati apa nde simuvutika bambo, zonse zili pafupi — pafupi, eti — ndipo Bashiru anathokoza, anati sikomo kwejinji mwa Chiyao kuti mayiwo amve kukoma, koma taonani tsopano, njinga yake ya olumala yagunda felemu ya chitseko cha bafa uku ndi uku, sikulowa.

Anabwerera m'mbuyo, anayesa mopendeketsa. Zii. Chitsekocho anapangira anthu oyenda chammbali ngati nkhanu, pansi pake nkumangapo kachipupa ka simenti koti madzi asamatulukire kuchipinda, ndipo m'katimo, akasuzumira, toileti yake inali yonyonyomala, dzenje pakati, mapazi awiri ojambulidwa m'mbali kuti munthu adziwe poponda. Mpaka anaseka yekha. Pakhomo panali mapatapata a buluu, amodzi odukako lamba, kudikirira mwini mapazi.

Nde lero linali Lachisanu, tsiku la Juma, ndipo Che Bakali, mjomba wake wa Sakina, ndiye kuti malume a mkazi amene Bashiru ankamufunsira, ananena kuti adzamutenga okha kupita ku mzikiti kwa Mponda, akakaswali akadye limodzi, kenaka ndi pamene adzanene ngati nika, ukwati wa ku mzikiti, ilipo kapena ayi. Mawu a bambo amenewo ndiwo anali kiyi. Sakina sanamubisire kanthu, mkazi uja sadziwa kubisa, anabwera ku Katuli ndi dengu lake la usipa monga mwa masiku onse, nkukhala pa benchi pomwe iye amamatira machubu a njinga za anthu, nkumuuza zonse ndi mawu omwewo a mjombayo: akuti kodi mwanawe ukufuna mwamuna kapena khanda losintha matewera, akuti matayala oponda paliponse, mpaka kuchimbudzi, manja ogwira matayalawo, manja omwewo adzapise m'mbale imodzi ndi ife? Ananena akuseka Sakinayo, koma maso sanali kuseka, ndipo iye anangoti ayi palibe vuto, adzaona okha — kulankhula kwa shuwa kwambiri, kwa munthu amene sanaione bafa ino.

Anaganiza zochotsa chitseko. Sipanala anali nayo m'chikwama, sikuludalaiva analinso nayo, ntchito ya kanthawi kochepa, koma atayeza ndi dzanja anaona kuti ngakhale chitachoka felemu siingalole, ndipo pomwepo m'pamene chinthu china chinamuwalira m'mutu, chinthu chomwe chinamuwongola msana mpaka pomwe umamvera: kodi njingayi ikalowemo kukatani? Anthu onse amavula nsapato pakhomo. Iyi ndi nsapato yake. Itsale.

Iyeyu sanali munthu wonyamulidwa, zimenezo Katuli yense amadziwa. Tsiku lomwe a bungwe anam'patsa njingayi, azungu akujambula zithunzi, iye anathokoza bwinobwino, obrigado, thenkyu, nkupita nayo kwa mnzake wowotcherera zitsulo, nkudula zogwirira zakumbuyo zonse ziwiri ndi sowo, chifukwa anali ataona kale kuti njinga ya zogwirira munthu aliyense amangoikankha osafunsa, ngati wilibala ya mchenga, uli pakati polankhula wangozindikira ukupita. Anthu anati ndi mwano. Mwina unali mwano. Koma iye anayendetsapo kamiyao, lole yaikulu yodzaza matumba, pa msewu wa ku Mandimba, nthawi ya nkhondo, asanamuombere anthu a mfuti m'tchire, chipolopolo nkukhala m'msana ngati mlendo wosatsanzika, ndipo munthu amene wagwirapo chiwongolero salola kuti wina amusankhire kolowera.

Anayamba mwadongosolo, monga anamuphunzitsira asisitere a kuchipatala cha mishoni, mayi wokalipa uja amene ankati miyendo yako siidzakuuzanso kanthu, iwe ndiye uziifunsa. Mkanjo woyera anauyala pabedi, chisoti pamwamba pake. Anavula. Anatulutsa chubu cha tayala la lole chomwe anachicheka kukhala kamphasa, kampando kake kopinda ka bowo pakati komwe anakhoma yekha, sopo, kapaipi kake kotulutsira mkodzo m'botolo lake lotseka, zonse anaziponya tsidya la kachipupako. Anakoka mabuleki. Anatsitsa miyendo ndi manja, umodzi, unzake, yolemera ngati nkhuni zonyowa za eni ake, kenaka dzanja pa felemu, dzanja pa njinga, nkutsika pang'onopang'ono mpaka matako anafika pa chubu, ndipo mikono yake — aa, mikono imeneyo, Sakina amati ili ngati ya asodzi okoka khoka — siinanjenjemere nkomwe.

Kachipupa kaja anakadutsa chambuyo, kudzikweza, kukhala pamwamba, kukoka miyendo, kuyang'ana zidendene kuti zisakhulike pa simenti, chifukwa chilonda chosamva kuwawa ndi chomwe chimapha, anaona anzake ku wodi akupita nacho. M'katimo munkanunkha mankhwala ochapira ndi chinyontho. Anaimika kampando pamwamba pa dzenje, miyendo yake inakwanira ndendende pa mapazi ojambulidwa aja, ngati anachita kuyeza, ndipo anakwera, nkuchita zonse zofunika, mosafulumira, thupi lotereli silimva za changu, umalinyengerera ngati injini yozizira.

Atakhala pamenepo m'pamene maganizo anayamba kuzungulira, kuti kodi Sakina akudziwa chomwe akulowa, kuti mwina mjombayo akunena zoona, mwina m'tsogolo muno mikonoyi idzatopa, malungo adzamugwetsa, nde akachoka kuchimbudzi adzamutawaza ndani — ayi, ayi, wathanzi amene sadzadwala ndi uti, Che Bakaliwo akadzakalamba adzawanyamula ndani — komabe, mkazi wa kwa Mponda, wa kwawo, wa bizinesi yake, kutengana ndi wothawa nkhondo wopanda munda, wopanda miyendo, kodi ndi chikondi kapena chisoni chovala chitenje chatsopano? Anakumbukira tsiku lija mvula itamupeza pa msika, matayala atatitimira m'matope, anthu akuthamangira kudzamunyamula, Sakina nkuwaletsa, musiyeni, akafuna anena yekha, nkungoima pambali pake akunyowa naye mpaka anatuluka. Wachisoni sachita zimenezo. Wachisoni sapirira kuonerera.

Anatsegula mpopi, madzi anabwera ofiirira kenaka oyera. Anadzaza birika, kaketulo kosambira, anatawaza, anasamba thupi lonse, anatsuka chubu ndi sopo mbali zonse, nkutenga udhu, kudziyeretsa kwa pemphero, mwa ndondomeko yake, manja, m'kamwa, mphuno, nkhope, mikono, mutu, makutu, mpaka mapazi, mapazi omwe samva kuti akusambitsidwa koma iye amawasambitsa pakati pa zala ngati a mwana wake, ndipo pamene ankamaliza anamva chinthu chokoma chikukwera m'chifuwa, kuti ndani m'boma lonse la Mangochi lero wayera movutikira chonchi, ndani, abwere aone.

Abwere aone — anangoganiza choncho, nkudutsa kachipupa, nkutambasula dzanja lonyowa kuti agwire njinga.

Njinga inathawa.

Siinathawe mwaphokoso, inangosuntha mwaulemu, buleki ya kumanja ija yomwe wakhala akunena kuti aikonza mawa, mawa, iye wokonza njinga za anthu onse, inalekerera, njinga nkuzungulira, nkutsetsereka pa simenti yopolishidwa ya rumu ya mabwana mpaka kukagunda khoma la pansi pa zenera. Kamtengo kotchingira tayala kanali m'chikwama, pabedi, sanakaike, anali bize kudzitama, chitsiru, dalaivala wanji wosiya galimoto pamtsetse opanda mwala. Anakhala pansi pomwepo ali maliseche, madzi akuyenderera m'zigongono, ndipo kutali kunamveka azana, kuitanira anthu ku mzikiti.

Kenaka chitseko. Go go go.

"Salaam aleikum. Che Bashiru?"

Mawu okhuthala, a munthu wozolowera kuyankhidwa msanga. Abwera nthawi isanakwane, kapena nthawi yakwana iye ndiye wachedwa, kapena — ndipo ganizo ili ndi lomwe linamuluma — achita dala, abwera msanga kuti amupeze chonchi, kuti akanene kwa Mponda kuti ndaona ndi maso angawa.

"Waleikum salaam, mjomba. Mundidikire pang'ono."

"Muli bwino m'menemo? Tamva chinthu chagunda."

Awo anali mayi Ajira, ndipo anamva makiyi akulira m'manja mwawo, mulu wonse, anamva akunong'ona koma kunong'ona kwa pa msika, kuti ndili ndi kiyi wina, mwina agwa, nditsegule?

"Musatsegule."

Liwulo linatuluka ngati mwala. Iye anadzimvera yekha, kuti wakalipira akulu, mjomba wa mkazi amene akumufuna, tsiku loyamba, koma mawu akatuluka sabwerera.

"Tithandize, mwanangu," anatero Che Bakali, motsitsa tsopano. "Si zamanyazi."

Mwanangu. Zikanakhala zosavuta bwanji, kungoti lowani, bambo aja nkumunyamula m'khwapa, kumuika pabedi, kumuveka, mwina ndi mtima wabwino ndithu, mwina nkumukonda kumene chifukwa cha zimenezo, anthu amakonda amene amuthandiza — koma akanamukonda ngati khanda, ndipo khanda salipatsa mkazi, ndipo akalipatsa, moyo wonse pa ukwati uliwonse, pa sadaka iliyonse, maso aja akanamamuyang'ana ali maliseche pansi.

"Sikomo, mjomba. Ndikubwera ndekha."

Anakokera chubu pansi pake nkuyamba ulendo. Manja kumbuyo, kudzikweza, kusuntha, kukoka miyendo, kukoka chubu, rumu yomwe ankaiona yaing'ono inatalika ngati msewu wa ku malire usiku uja atamuombera, ankamunyamula pa chitseko cha nyumba ya eni, akuona nyenyezi zikugwedezeka, akulumbira kuti akapulumuka sadzakweranso pa mapewa a munthu. Anaifika njinga, anaikankha ndi phewa mpaka pabedi, anasolola chikwama, kamtengo pansi pa tayala, kukhomerera ndi chibakera. Bedi linali lalitali. Anaponya chigongono pamwamba, anakoka, matiresi anaterera, anabwerera pansi, fuu, mpweya wonse kutuluka, ndipo kunja makiyi analiranso — asayerekeze, Mulungu wanga, asayerekeze — nde anagwira chitsulo cha bedi chenichenicho, nkukoka ndi zonse, ndi mkwiyo, ndi Katuli, ndi Mandimba, mitsempha ya m'khosi ikufuna kuduka, mpaka chifuwa chinagona pamwamba ndipo zotsalazo anazikweza ndi manja.

Sanapume. Anadzipukuta, anayang'ana zidendene, anayang'ana m'chiuno ndi kagalasi kake, palibe chokhulika, alihamdulilahi. Buluku anavala chogona, kugubuduka uku, kukoka, kugubuduka uko, kenaka mkanjo, kenaka kulumphira pa njinga, ulendo umenewu amautha ngakhale ali m'tulo. Anakonza mapazi pa chopondera. Chisoti. Anadikira kuti mtima utsike pang'ono, asamuone akupuma ngati galu, nkutsegula.

Che Bakali anali bambo wamfupi kuposa m'mene ankawaganizira, wa ndevu zoyera zometedwa bwino, tasibihi, mikanda yopempherera ija, m'dzanja. Mayi Ajira kumbuyo kwawo, kiyi ali chosongola. Anapatsana moni, dzanja lake linali loyera, lozizira ndi madzi, lonunkhira sopo, ndipo analipereka mosabisa, koma maso a bambo aja sanakhalitse pa iye. Anapitirira pamwamba pa phewa lake, m'chipinda, ndipo Bashiru sanafunike kutembenuka kuti adziwe chomwe akuona: mkukuluzi wonyowa, waukulu, kuchokera pa kachipupa ka bafa, kukhota kukafika pa zenera, kubwerera ku bedi, ngati pamene akokera bwato kumtunda. Mapatapata ali pomwe anali. Kampando ka bowo kali m'kati, poonekera, anaiwala kukabisa. Kenaka maso aja anatsikira pa matayala, ouma, fumbi lofiira la ku Katuli likadali m'mizere yake.

Anayang'ana nthawi yaitali. Tasibihi inasiya kuyenda. Kodi akuona mwamuna kapena akuona chinthu chokwawa, nkhope imeneyo siinkawerengeka, ndipo Bashiru anadzutsa chibwano, osapepesa, osafotokoza.

"Tiyeni," anatero Che Bakali. "Tachedwa."

Anamupatukira kuti adutse, iye anagwira matayala nkutuluka pa khonde, kuwala kwa masana kukumubaya m'maso, ndipo anamva bambo aja akubwera kumbuyo, anamva nsapato zikuima, mkanjo wawo ukukhudza njinga, dzanja likufufuza pomwe pamakhala zogwirira nkupeza zitsa ziwiri zachitsulo zosalala. Silinabwerere. Silinamugwirenso. Linangotsala m'malere, pafupi kwambiri ndi khosi lake, pomwe thupi likadali kumva, lofunda ngati mbaula.