Mabotolo Ofanana M'kasitolo ka a Shefu

Mpongozi wa a Shefu anafika Loweruka m'mawa ndi makatoni atatu, ndipo asanatsike n'komwe m'galimoto, a Shefu anali atadziwa kale kuti mtendere wawo watha. M'makatonimo munkalira magalasi. Wonyamula anali mwana wawo, mwamuna wa mayiyo, akupuma wefuwefu uku akulandira malangizo a pamene aponde.

"Bambo, takubweretserani moyo watsopano," anatero mpongoziyo.

"Wakalewu watani?" anafunsa a Shefu.

Makatoni analowa m'khitchini.

A Shefu anaphika pa hotela zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, kuyambira kusenda mbatata mpaka kuvala chipewa chachitali, ndipo dzina la ntchito linawakakamira mpaka lenileni anthu analiiwala. Mpongoziyu ntchito yake inali yosanja mafayilo mu ofesi ina yake. Kuphika anaphunzira chaka chatha chomwechi, pafoni, kwa mayi wina wa mano oyera amene amamwetulira pa mphika wosawira. Kuchokera pamenepo nyama inasanduka mdani, mkaka mdani, dzira mdani. Mwana wa a Shefu, munthu amene anakula akuphwanya mafupa a nkhuku ndi mano, tsopano ankatafuna nthanga za maungu n'kumanena kuti zikukoma. Dokotala atangoti a Shefu achepetse nyama chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, mpongoziyo anaona ngati wapatsidwa makiyi a nyumba yonse.

Kusiya nyamako sikunawavute a Shefu. Nyemba anayamba kuziphika mpongoziyo asanamere mano, ndipo ankadziwa njira zoziphikira zoti mayi wa pafoni uja akhoza kukomoka. Nkhawa yawo inali ina. Mwezi wathawu anasiya sitovu ili chiyakire tsiku lonse, mwana wawo n'kuipeza, ndipo mawu amene ananena anali achidule: "Kenanso kakachitika, bambo, mukubwera kwathu." Kwawoko kunali kachipinda ka kuseri, kogundana ndi galaja, kopanda khitchini. Kumeneko munthu amangodikira kuti amuitane chakudya chikapsa.

Chimene mwanayo sankadziwa n'chakuti kamagetsi kofiira ka pa sitovu bambo ake sanakaone chifukwa sankakaonanso. Maso awo anali atachita ng'ala kwa zaka ziwiri. Nkhope za anthu zinasanduka mithunzi ya m'chifunga, zilembo zinathawa zonse, ndipo kukawala kwambiri ndiye kunkangoti mbee. Nyuzi ankagulabe, n'kumaitambasula pakhonde kuti odutsa aone. A Shefu anali ndi mantha, ndipo manthawo ankawachititsa manyazi kuposa khungulo.

Koma m'kasitolo ka kukhitchini maso sankafunika. Mchere unali m'chitini cha mkaka chophwanyika m'mbali. Shuga anali m'chitini cha chivundikiro chogwedera. Soda anali m'kabotolo kakang'ono komangidwa ulusi pakhosi, kutali uko pamwamba. Mpunga m'ndowa pansi, nandolo m'chigubu chodulidwa mutu, mtedza m'kathumba kansalu pa msomali. Chilichonse chinali ndi thupi lakelake, ndipo zala zinkachipatsa moni chisanatsegulidwe.

"Eee, bambo, mumakhala bwanji ndi zinyalala zonsezi?" anatero mpongoziyo ataima pakhomo pa kasitoloko. "Zitini za dzimbiri izi ndi zimene zikukudwalitsani."

"Zitinizo zalera mwamuna wanuyo, apongozi. Muoneni, ali bwinobwino, kupatula nzeru."

Mpongoziyo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Kenako anapinda manja a bulauzi n'kuyamba. A Shefu anakhala pampando wa m'khitchini n'kumamvetsera maliro a zitini zawo, chimodzichimodzi chikugwera m'thumba la zinyalala. Chophwanyika m'mbali chija anachizindikira ndi kalilidwe kake. Anafuna kudzuka kuti achilanditse, koma akanati chiyani? Munthu wa maso salirira chitini.

M'makatoni munatuluka mabotolo agalasi makumi awiri ndi anayi, onse msinkhu umodzi, mimba imodzi, chivundikiro chimodzi. Mpongoziyo ankathira chinthu, n'kumata kapepala, n'kulemba dzina, uku akulalikira. Mphodza ali ndi mphamvu kuposa ng'ombe. Chitowe chimalimbitsa mafupa. Mawere ndiye chakudya cha m'tsogolo. A Shefu ankangoti "oho", pokumbukira kuti mawere omwewo mayi wawo ankadyetsa nkhuku.

"Tsopano taonani mmene ndasanjira," anatero mayiyo pomaliza, mawu ali odzaza ndi kunyada. "Motsata zilembo, ngati ku ofesi kwathu. Adyo, anyezi wouma, chitowe, khobwe, mpaka viniga kumapeto. Simudzasokeranso."

"Motsata zilembo," anabwereza a Shefu.

"Inde, bambo. Ngakhale mwana akhoza kupeza."

Zaka zonse zija pa hotela, a Shefu anaona zopusa zambiri, koma sanaonepo munthu wosanja chakudya ngati makalata a madandaulo. Wophika amaika pafupi chimene dzanja limafuna kawirikawiri, chosowa ntchito amakankhira kumbuyo, ndipo zoyera zofanana amazitalikitsa ngati ana okonda ndewu. Mayiyu anaika shuga pafupi ndi soda chifukwa mayina awo ndi apachibale. Mchere anaukwirira pakati pa mawere ndi mphodza, pa shelefu yachiwiri, ngati chinthu chimene munthu amafuna kamodzi pamwezi.

"Mwagwira ntchito, apongozi," anatero a Shefu. "Ikuoneka."

"Lamlungu la mawa lino ayi, koma linalo tibwera," anatero mwana wawo akutola makatoni. "Mudzatiphikire za m'mabotolomu, tione ngati ushefu ukadalipo."

Sabata imeneyo a Shefu sanagule nyuzi. Anatseka chitseko cha kukhomo n'kulowa m'kasitolo ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni. Botolo lililonse analitsitsa, kuligwedeza pafupi ndi khutu, kulitsegula, kulinunkhiza, kulawa. Nyemba zimalira mogogoda, mphodza amalira ngati mvula yowaza pa malata, chitowe chimangonong'ona. Zoyera zija, zimene sizilankhula, anazifunsa ndi lilime. Tsiku loyamba analawa soda wodzaza nsonga ya supuni ndipo anatukwana mpongoziyo, ofesi yake, ndi mayi wa mano oyera uja pamodzi.

Pofika Lachitatu kasitolo kanali katabwerera m'manja mwa mwini wake. Mchere unali pa shelefu ya pachifuwa, woyamba kudzanja lamanja. Kenako tsabola, kenako adyo. Shuga anapita kumanzere kwenikweni, soda anakwera pamwamba pa yekha. Za nyemba zonse zinatsikira pansi, zochedwa kupsa kumbuyo, zofulumira kutsogolo. Lachinayi ndi Lachisanu anayeserera: kuchokera pa sitovu mapazi atatu, dzanja lamanja mmwamba pang'ono, mchere. Anachita zimenezi mpaka dzanja linayamba kupita lokha. Loweruka anaviika mphodza akuimba kanyimbo, ndipo mumtima ankamumvera chisoni mpongoziyo, chisoni cha mtundu umene munthu amamvera nkhuku yodzionetsa pamaso pa mphamba.

Lamlungu alendowo anafika dzuwa lili pamutu. Mwanayo anakokera bambo ake pakhonde kuti awayeze magazi ndi kamakina kamene mkazi wake anagula. Kamakinako kanakana kawiri, kachitatu kanatulutsa manambala amene mwanayo anawawerenga mokweza ngati zotsatira za mayeso. Nthawi yonseyi mpongoziyo anali m'nyumba. A Shefu anamva magalasi akugundana chapatali, koma anaganiza kuti mayiyo akutsuka matambula, poti anali ndi matenda otsuka zinthu zotsuka kale.

"Bambo, kasitolo kaja munakasokoneza," anatero mpongoziyo iwo akulowa m'khitchini. Mwamuna wake anamudula ndi nkhani ya manambala aja, ndipo mawu otsatira, akuti wakonzanso, anamira m'phokosolo. A Shefu anamva mbali yoyamba yokha, n'kumwetulira. Ankayembekeza dandaulo limeneli ndipo linawakomera.

"Khalani pansi nonse," anatero. "Muone mmene chakudya chimaphikidwira ndi anthu amene anachiphunzira pamoto."

Ndipo anaphikadi. Mpeni unayenda pa anyezi mwaliwiro loti mpongoziyo anasiya kulankhula. Mafuta analira, anyezi anafiira, ndipo a Shefu anadziwa ndi mphuno nthawi yothira tomato. Mpunga unali kale pambali, pa moto wochepa, ukupuma nthunzi. Mwana wawo anatsamira khoma, manja m'thumba, akuoneka ngati kamnyamata kaja kamene kankadikira kunyambita supuni, ndipo a Shefu anamva kuti nyumba yawo ikubwerera. Ankalankhula uku akutakasa, osayang'ana mumphika, kufotokoza kuti wophika weniweni sawerenga timapepala, kuti mapepala ndi a anthu amene mitu yawo sisunga kanthu.

Mapazi atatu, dzanja lamanja mmwamba pang'ono. Botolo linabwera, lolemera bwino, la zoyera. Akanakhala okha akanalawa. Koma panali maso anayi, ndipo shefu amene wangomaliza kunyoza mapepala sanganyambite chala ngati wophunzira. Anatapa supuni yodzaza n'kuwaza mu tomato.

Mphika unachita phokoso limene a Shefu sanalimvepo pa mchere. Thovu linakwera, linasefukira, linagwera pa sitovu n'kumalira.

"Mwathira soda, bambo," anatero mpongoziyo. "Mchere uli pa shelefu yachiwiri, pa M. Ndabwezeretsa zonse mmene zinalili, si ndakuuzani?"

"Ndani anakutumani?" anakalipa a Shefu. "Khitchini ino ndi ya bambo anu? Mwabwera ndi mabotolo anu ofanana ngati mano oikirira, mwataya zitini zanga, mwasanja chakudya ngati mafayilo a anthu akufa, lero mukundiuza za M?"

"Koma palembedwa, bambo. Ndinalemba zilembo zikuluzikulu dala."

"Munthu akamaphika sayang'ana zimenezo."

A Shefu anamva mwana wawo akuchoka pakhoma paja, kulowa m'kasitolo, n'kubwera kudzaima patsogolo pawo, chakuwindo, kumene dzuwa linkalowera.

"Bambo," anatero mwanayo mofatsa, "tawerengani apa."

"Ndiwerenge chiyani? Ndili pasukulu ine?"

"Mungowerenga basi. Kapena musawerenge, mungondiuza zimene zili m'botolomu."

A Shefu anatambasula dzanja kuti alilandire, koma mwanayo analibweza pang'ono. Patsogolo pawo panali kuwala koyera, ndi mthunzi wa munthu, ndi kena kake konyezimira m'manja mwa mthunziwo. Mphika unkalirabe kumbuyo, moti ngakhale khutu silinawathandize. Anaganiza mofulumira, monga ankachitira pa hotela alendo akachuluka kuposa chakudya. Mwanayu ndi wa nzeru zowongoka, sadziwa kukhota. Watenga botolo lomwe lalakwitsa lija kuti awachititse manyazi nalo.

"Soda," anatero a Shefu, mokweza ndi monyoza. "Ndikuona bwinobwino. S, O, D, A. Wakhutira?"

Mpongoziyo anatulutsa kamawu kakang'ono, ka munthu amene wagwira pakamwa, ndipo a Shefu anadana nako kamawuko kuposa maulaliki ake onse, chifukwa munali chisoni.

Mwanayo anaika botolo lija m'manja mwa bambo ake. Linagwedezeka pang'ono, ndipo a Shefu anamva kulira kwake kogogoda asanauzidwe.

"Ndi nyemba zofiira, bambo," anatero mwanayo. "Vuto la masoli layamba liti?"

A Shefu analikokera botololo pachifuwa.

"Mawa m'mawa tikupita kuchipatala cha maso. Tikachoka kumeneko tikulunjika kwathu. Zovala tilongedza lero."

"Kachipinda kaja ndikakonza bwino, bambo," anawonjezera mpongoziyo, mawu ali onyowa. "Simudzavutikanso ndi kuphika. Ndizikuphikirani ine."

A Shefu anaima pakati pa khitchini yawo atakumbatira botolo la nyemba. Anafufuza mawu oti abaye nawo mayiyu komaliza, koma onse anali atatha. Chimene chinatsala chinali fungo lochokera pa sitovu, limene anthu awiri a maso abwinobwino aja, ataima pomwepo, sanalimve.

"Wina aphule mpungawo," anatero a Shefu. "Ukupserera."