Duwa lalimuna la Mayi Kowalchuk

Bambo Lyle Haugen anagwira ntchito yoyendera sukulu zaka makumi atatu, ndipo atapuma sanaleke kuyendera. M'nyumba yathu ya nsanjika khumi ndi ziwiri ku Winnipeg ankayang'anitsitsa makonde a anzawo, makamaka la Mayi Doreen Kowalchuk, oyandikana nawo. Kawiri konse analemba kalata yodandaula kuti ndowa za mayiwo, za nyemba ndi maungu, zikunyozetsa nyumba yonse.

M'mwezi wa Meyi analengeza pamsonkhano wathu kuti ationetsa ulimi wa m'ndowa wadongosolo, ndi kuti paphwando lothokoza zokolola la Thanksgiving adzabwera ndi dzungu lolima okha. Tonse tinamva.

Anagula ndowa zitatu zofanana, naziboola pansi, nazindandalika poyeza ndi rula. Maungu anamera bwino. Maluwa atayamba, anaona kuti ena ali ndi kadzungu kunsi kwake, ena alibe kalikonse. Opanda kanthuwo anawayesa alesi ongodya manyowa, ndipo m'mawa uliwonse ankawadula ndi sizasi. Timaungu tija tinkangochita chikasu n'kuthothoka.

Kumapeto kwa Julaye kunatsala duwa limodzi lokhala ndi kadzungu. M'mawa umene linamasula, ine ndinali pakhonde langa, pamwamba pawo, ndipo ndinamva Mayi Kowalchuk akulankhula atasuzumira pampanda.

"A Inspekitala, ana anuwa akungotha bwanji?"

"Ndi mphepo, mayi."

"Mphepo yake ndi sizasi yanuyo. Maluwa aamuna onse mwawachotsa sukulu, ndiye ana achokera kuti? Njuchi nazo kuno sizifika, sizikwera chikepe. Duwalo likatseka masana ano, kwatha. Lina silingakhwime chisanu chisanagwe."

Bambo Haugen anaika sizasi pansi. Analowa m'nyumba, navala jekete ndi tayi, nakagogoda pachitseko cha mayiwo. Anandiuza ndi mayiwo kuti bambowo anaima mowongoka ngati ali pa asembule.

"Ndabwera kudzapempha duwa limodzi lalimuna."

"La m'ndowa zonyozetsa zija? Kodi muli ndi ankhoswe?"

"Ndilibe, mayi."

"Tengani, koma mkamwiniyu mumsamale."

Mayiwo anawaonetsa kasendedwe ka duwalo mpaka kutsale kamtengo ka mungu, ndi mmene angapakire munguwo pakati pa duwa lalikazi. Ntchitoyo ndinaiona ndi maso anga: Bambo Haugen anaigwira tayi ali m'khosi, nkhope atayang'anitsa kumbali.

Dzungu linagwira. Silinakule kwenikweni, koma mu Okutobala analinyamula ndi manja awiri, naliika pakati pa tebulo laphwando, nakonza kukhosi kuti alankhule. Asanayambe, Mayi Kowalchuk anatenga mpeni n'kulidula pakati.

"Theka ndi la kuchimuna," anatero.

Bambo Haugen analingalira kanthawi, ndipo posapeza lamulo lotsutsa, anapempha pepala, nakulunga thekalo bwinobwino, nalipereka kwa mayiwo ndi manja awiri.