Gemu Yopanda Woluza

Amuna ena akaweruka ku ntchito amalowera ku mpira, ena kumowa, ena kukwaya. Uyu ankalowera ku tebulo. Masana ankasakaniza penti m'sitolo ya zipangizo zomangira, kumvetsera makasitomala ofuna "mtundu uja wa pakhoma la aneba, koma wowalirako pang'ono". Akafika kunyumba ankavula ovololo n'kukhala pakati pa mawaya, kompyuta ndi kamakina ka magemu kachikale, kamene kanasiya kupangidwa iye asanamere ndevu. Mkazi wake anamupatsa dzina loti a Mawaya, ndipo dzinalo linamukakamira ngati penti wa mafuta.

Chimene ankachita patebulopo chinali chovuta kufotokozera alendo. Sankangosewera magemu ayi, ankawapanga. Ankalemba gemu pa kompyuta, n'kuithira m'kabokosi kolowetsa pamwamba pa makinawo, kenako n'kulumikiza ku TV yachikale yamsana waukulu, imene ponyamula pankafunika amuna awiri ndi pemphero. Pa intaneti panali kagulu ka anthu odwala matenda omwewa, akuluakulu a ana awo ndithu, amene ankakangana tsiku lonse za mmene ungapanikizire gemu yathunthu m'kabokosi kosakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha pafoni.

"Anzanu akupanga magalimoto oyenda okha," mkazi wake ankatero akusuntha mawaya kuti aike mbale, "inu muli kalikiliki kubwerera ku ubwana."

Kunena zoona, makinawo sanali ake. Anali a achemwali ake, ndipo ali ana iye ankagwirako padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera kaja, pokhapokha achemwaliwo akapita kosamba. Atakula, achemwali anakhala mphunzitsi wa madalaivala, ndipo pakamwa pawo pankaopedwa kuposa apolisi a pamsewu. Mlongo wawoyu sanamuitanepo ndi dzina lake. Anali "chitsiru iwe" akalakwitsa, ndipo akachita bwino anali "chitsiru iwe, wayesetsa".

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Achemwali anadwala sitiroko, ndipo atatuluka m'chipatala anabwera kudzakhala kwa Mawaya, m'chipinda chimene kale munkagona mawaya. Ankayenda pang'onopang'ono, kulankhula ankalankhula, koma dzanja lamanja linafooka, ndipo ankalibisa m'thumba la juzi ngati chinthu chakuba. Achipatala anawapatsa kampira koti azifinya. Kampirako kanagubuduzikira kunsi kwa bedi ndipo palibe anakafunsa.

Chimene chinkamupweteka kwambiri Mawaya sichinali dzanjalo. Chinali ulemu. Achemwali anasanduka munthu waulemu. Ukawapatsa madzi, "Zikomo achimwene." Ukawatsegulira windo, "Mwandithandiza, achimwene." Achimwene! Mawaya ankangoti kakasi ngati m'nyumba mwalowa mlendo wovala nkhope ya mlongo wake. Ankawasowa achemwali ake enieni aja, ankawasowa koopsa, ndipo ankaopa kuti mwina anatsalira kuchipatala konko.

Munthu amathandiza ndi chimene amadziwa. Mawaya anaganiza zowapangira gemu, yoseweredwa ndi dzanja limodzi, yopanda kuthamanga, yongofuna mutu. Anaitenga ku ntchito kwake. Pa TV pankaoneka kachipinda ka sitolo ndi zitini za penti. Ukakankha chitini chinkatsetsereka mpaka kugunda khoma kapena chitini chinzake, ndipo zikagundana mitundu inkasakanikirana: buluu ndi chikasu kupanga wobiriwira, wofiira ndi chikasu kupanga wa lalanje. Pakhomo pankaima kasitomala wofuna mtundu wake. Ukasakaniza zosayenera pankatuluka matope, chitini n'kumatirira pansi kutseka njira, kenako kanyimbo konyoza n'kulira, kokhala ngati mbuzi yatsamwa. Kanyimboko anakanyadira kwambiri.

Woyamba kuyesa anali mkazi wake. Ku gulu lija kuli lamulo limene aliyense amalidziwa: wina akamayesa gemu yako, iwe wopanga ukhale chete, manja uwakhalire. Mawaya lamulolo ankaliphunzitsa kwa ena bwino kwambiri. Kulisunga ndiye ayi.

"Osati icho. Chachikasucho. Ayi, kumanzere. Kumanzere kwanu, mayi!"

"Mukusewera ndinu kapena ine?"

Mbuzi inalira. Inaliranso. Mkaziyo anaika padi pansi akuseka. "Ine wa manja awiri ndadzaza matope sitolo yonse. Nanga alamu zikawathera bwanji?"

Iye ankangocheza, koma mawuwo anamulasa Mawaya. M'maganizo mwake anawaona achemwali ataluza, mbuzi ikuwaseka, iwo n'kuika padi pansi mwaulemu, n'kubwerera kuchipinda osadzatulukanso. Anaona kuti sangapirire. Choncho analemba kachinsinsi m'kati mwa gemuyo. Chitini chikamapita kukapanga matope, chizingoima chokha chisanagunde chinzake, mwakachetechete, ngati mmene wosewerayo anafunira.

Vuto linali malo. M'kabokosi kaja munali mutadzaza kale, ndipo kuti kachinsinsiko kalowe panafunika kutulutsa china. Anayang'anayang'ana, n'kuchotsa matope ndi kanyimbo ka mbuzi. Nanga za ntchito yanji, popeza panalibenso wodzaluza?

Mkazi wake atamva anamufunsa: "A Mawaya, alamu aja munawadziwa liti? Dzulo?"

"Sangazindikire. Ndabisa bwino."

"Chabwino. Ine ndangokutsinani khutu."

Lamlungu masana anawakhazika achemwali pa mpando wabwino, padi ili pamwendo, dzanja lamanzere pamabatani. Atangoona makinawo nsidze zawo zinakwera pang'ono, ndipo mtima wa Mawaya unadumpha. Chipinda choyamba cha gemuyo achemwali anachimaliza. Chachiwiri chimodzimodzi. Mawaya ankaomba m'manja ngati kholo pa tsiku lotsekera sukulu ya mkaka.

"Mwaona! Mutu ukadali womwe uja!"

Achemwali anangopitiriza kusewera. M'chipinda chotsatira anaima kaye, maso ali tong'o pa TV. Kenako anatenga chitini chobiriwira n'kuchikankhira dala kwa chofiira, chinthu chimene ngakhale mwana angadziwe kuti n'kupanga matope. Chitinicho chinatsetsereka, n'kuima chokha mwaulemu. Anachizunguliza, n'kuchikankhanso kuchokera mbali ina. Chinaimanso. Ndiye anatsinzina maso, n'kumangodina mabatani chisawawa. Atatsegula, sitolo inali yoyera mbee, kasitomala akumwetulirabe pakhomo.

Mkazi wa Mawaya anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zochita kukhitchini.

"Moyo wanga wonse," achemwali anayamba pang'onopang'ono, "ndakhala pa mpando wa pambali pa woyendetsa. Kumapazi kwanga kumakhala buleki yangayanga. Wophunzira akamakagunda mtengo ndimaponda, iye n'kumayesa waimitsa yekha. Ndiye galimoto yoima yokha ndimaidziwa." Anapuma kaye. "Koma ine ndinkaponda kuti munthu asafe. Muno akanafa ndani?"

Mawaya anadikira mawu aja akuti "chitsiru iwe", ankawalakalaka ngati mvula. Koma achemwali anaika padi pa tebulo bwinobwino, n'kudzuka pogwira mpando.

"Zikomo achimwene. Mwachita bwino kundiganizira."

Bola akanamumenya mbama. Chitseko cha kuchipinda chinatsekeka, ndipo ngakhale chitsekocho chinatsekedwa mwaulemu.

Mlungu umenewo Mawaya anali munthu wosagwira mutu. Ku ntchito anapatsa kasitomala penti wa pinki m'malo mwa kirimu, ndipo anamva mawu amene akanakonda kuwamva kunyumba. Madzulo ankangokhala patebulo, kugwira tsaya.

"Musadzione ngati mwalakwa nokha," mkazi wake anatero tsiku lina akupukuta makapu. "Tonse m'nyumba muno timawapondera buleki. Ine ndimawamangira mabatani a juzi asanapemphe. Kapu ndimawathirira theka kuti asatayire. Kungoti inu, poti ndinu ophunzira, mwafika nazo mpaka mu TV."

"Ndiye nditani?"

"Bwezani mbuzi yanu ija. Ndaisowa."

Kuchotsa kachinsinsiko sikunamutengere nthawi, ndipo zinamuchititsa manyazi kuona kukula kwa malo amene chifundo chake chinadya. Matope anabwerera, mbuzi inabwerera, ndipo panatsalanso malo a zipinda zina zovuta kwambiri moti mwini wake yemwe ankatuluka nazo thukuta. Koma atakagogoda kuchipinda kwa achemwali, yankho linali lomwe ankaliopa.

"Zikomo achimwene, ndatopa. Sewerani inuyo."

Apa mpamene mkazi wake anaonetsa kuti m'banjamo nzeru sizinali kumbali ya mawaya yokha. Loweruka masana anakhala iye mwini pa TV, n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto, n'kuyamba kusewera mmene ankadziwira, kutanthauza kuti moipa. Mbuzi inalira. Inaliranso. Inalira mpaka galu wa aneba anayamba kuyankha. Mawaya anakhala pakona ya sofa, manja atawakhalira zenizeni, thukuta lili kamukamu.

Chitseko chinatseguka.

"Chikulira ngati chaphedwachi n'chiyani?"

"Ndi ine alamu, ndikuluza," mkaziyo anayankha osacheuka. "Musadandaule, ndizolowera."

Achemwali anaima kumbuyo kwa sofa, ati kungodutsa. Koma pali zinthu zimene mphunzitsi wa madalaivala sangathe kuonerera ali chete, ndipo chachikulu ndi munthu wokhota posayenera. Anapirira kamodzi. Kachiwiri milomo inayamba kugwedera.

"Alamu, mukupita nacho kuti chimenecho? Simukuona chofiira chili apocho?"

"Kuti?"

Mbuzi inalira.

"Tasunthani. Tasunthani, mungandidwalitsenso kachiwiri."

Anakhala pansi, padi pamwendo. Chipinda choyamba anadutsa. M'chachiwiri anakankha chitini molimba mtima, mwina poyesa ngati buleki ija ikadalipo. Inalibe. Chobiriwira chinagunda chofiira, matope anati phwaa pakati pa sitolo, ndipo mbuzi inawalirira achemwali m'maso muli gwa.

Ichi n'chimene Mawaya ankachiopa chiyambire, ndipo tsopano anachipanga ndi manja ake. Anayang'ana padi, kudikira kuti iikidwe pa tebulo.

Achemwali anayang'ana matopewo kwa kanthawi. Kenako anadina batani loyambiranso.

Analuzanso. Ulendo uno anatulutsa kamawu kapansipansi kamene sitingakalembe pano, ndipo mkazi wa Mawaya analuma mlomo kuti asaseke. Anayambiranso. Tsopano anali atawerama, chipumi chili makwinya, padi ikuterereka pamwendo chifukwa chala chinkadina mwaukali. Anasuntha chabuluu. Anasuntha chofiira. Mawaya anaona kumene zinkalowera. Kungokankha kamodzi kokha, njira yonse itsekeka, pamene yankho linali poyera, pafupi, chachikasu chija chili pakona. Anadziluma lilime. Anakhalira manja mwamphamvu. Koma wopanga gemu ndi wopanga gemu basi. Dzanja linapulumuka lokha, chala chikuloza ku TV.

"Achemwali, mukanayamba ndi chachika..."

Phaa!

Sikunali kumenya kopweteka. Kunali kofooka, kophonya pang'ono, zala zosatambasuka bwino zikungokhudza pamkono pake. Koma dzanja lamanzere linali likadali pamabatani. Limene linamumenya linali linalo, ndipo silinabwerere m'thumba. Linatsikira pa padi n'kuigwira m'mbali kuti isatererekenso.

"Chitsiru iwe," achemwali anatero, maso osachoka pa TV. "Ndakufunsa? Ukatsegulanso pakamwa ukaonerera panja, pawindo."

Mawaya anabweza dzanja lake n'kulikhalira. Misozi inkatsika mpaka m'ndevu, ndipo analibe chopukutira, poti manja onse anali otanganidwa.

"Nanga ukulira chiyani? Woluza ndine."

"Palibe, achemwali."

"Ndiye khala chete. Ndikuganiza."