Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za Zii

Mng'ono wanga, amene anzake amamutcha Mabingu, anandibweretsera chimbale chake ku ofesi ya nyuzipepala. Iye amaimba hevi meto, nyimbo za magitala olira ngati macheka, pamene ine ndimalemba ndemanga za nyimbo Loweruka lililonse. Anati nyimbo khumi zonsezo ndi nkhani imodzi, ngati sewero, choncho ndisadumphe iliyonse.

"Mpaka kumapeto, achimwene," anatero. "Ndimakudziwani, inu mumanyamuka mpira usanathe."

Nkhaniyo inali ya abale awiri ogwira ntchito m'fakitale yosungunula zitsulo. Wamkulu anaphwanya gitala la mng'ono wake. Ine ndinachitadi zimenezo Mabingu ali ndi zaka khumi ndi zisanu, atalephera mayeso. M'nyimbo yachikhumi fakitale ikuyaka, ndipo wamng'ono akutseka chitseko, mkulu wake ali m'kati. Ng'oma zinaleka, kunangoti zii. Manambala a pawailesi anali akuyendabe, koma ine ndinatulutsa chimbalecho.

Ndinalemba kuti linali phokoso la mwana wosunga mangawa, nkhani yongothera pamoto. Mkonzi anaikonda ndemangayo, naipatsa mutu waukulu. Mabingu sanandiimbire foni. Nanenso ku chionetsero chokhazikitsa chimbalecho sindinapite.

Patatha miyezi inayi, mkazi wanga anaika chimbalecho m'wailesi akusita zovala. Nyimbo yachikhumi ikutha mvula inayamba, iye nathamangira panja kukanula zovala, wailesi osazimitsa. Ine ndinali pa tebulo. Panadutsa mphindi zisanu ndi ziwiri za zii, kenako ndinamva gitala limodzi, ndi mawu a mng'ono wanga, osakuwa. M'nyimboyi wamng'ono uja anabwerera m'moto, nabereka mkulu wake kumsana, namupempha kuti adzakhale pampando wakutsogolo tsiku loimba.

Nditaimbira mlamu, mkazi wa Mabingu, anandiuza kuti mpandowo unalipodi, atamatapo pepala lolembedwa kuti "achimwene". Unakhala wopanda munthu mpaka chionetsero chinatha.

Mkonzi anandipatsa mizere itatu yokha yopepesera m'nyuzipepala, pansi pa malonda a matayala. Ndinaidula ndi lumo n'kupita nayo ku galaja kumene gulu la Mabingu limayeserera. Ndinam'peza yekha akumanga nsambo za gitala. Anawerenga kapepalako, nakaika pamwamba pa sipika.

"Ndaimva nyimbo ija, mphwanga," ndinatero.

"Mwafika kumapeto tsopano?"

Ndinavomera. Anakoka nsambo, naimvetsera, naikokanso. Kenako anandiuza kuti zimbale zoyamba zinatha, ndipo pojambula zatsopano nyimbo imeneyo anaichotsa.

"Wolemba ndemanga anati nkhani imathera pamoto," anatero. "Anthu anakhulupirira iyeyo. Ndiye tinangoisiya pomwepo."

Anandikankhira mpando wa woimba ng'oma ndi phazi. Ndinakhala, koma sanaimbe.