Wondiwerengera Ndisankha Ndekha

Tcheya asanagwire n'komwe chitseko cha kachipinda kowerengeramo kuseri kwa laibulale, anamva kuseka. Kuseka kwa Nduna ankakudziwa, koma anali asanamumvepo akuseka chonchi, mpaka kutsamwa. Pansi pa kusekako pankamveka liwu lina, lachimuna, lalikulu ngati likuchokera mumgolo.

Anakankha chitseko. Nduna, mtsikana wosaona, anali atatambasula dzanja patebulo, ndodo yake yoyera ataipinda n'kuiika pambali. Moyang'anana naye panakhala mnyamata amene anali atangolowa kumene m'gulu lawo, yemwe anzake a kwaya ankamutcha Besi. Anali atagwira dzanja la mtsikanayo, akulemba m'chikhatho ndi chala.

"Mzere woimirirawu ndi mtengo wa katundu," Besi ankatero. "Wogonawu ndi kuchuluka kwa katunduyo. Tsopano ogula akutsetsereka chonchi, ogulitsa akukwera chonchi."

"Ndiye akumana apa!" Nduna anakuwa, akudina pakati pa chikhatho chake. "Chibwerereni kuno ndimangomva kuti akumana, akumana, ngati chibwenzi chamseri. Lero ndawagwira." Kenaka anapendeketsa mutu. "A Tcheya, lowani. Nsapato zanuzo sizisunga chinsinsi."

Tcheya analowa, buku lili kukhwapa. Anapereka moni, koma maso ake sanachoke pa manja awiri aja.

Gulu la Tiyende Limodzi analiyambitsa ndi iyeyo. Ali chaka chachiwiri pa yunivesite anapeza mtsikana wosaona ataima pa bolodi la zidziwitso, akupempha odutsa kuti amuwerengere kumene kalasi yake yasamukira, anthu n'kumangomulambalala. Tcheya anamuwerengera, ndipo sabata yomweyo anasonkhanitsa anzake. Gululo linakula. Linkawerengera mabuku ophunzira osaona, linalimbana ndi akuluakulu a yunivesite mpaka mapepala a mayeso anayamba kubwera m'zilembo zopapasa ndi zala, ndipo masana ena linkapita kukakonza nyumba za okalamba kuseri kwa msika. Owerenga analipo ambiri, koma mtsikana uja, amene ankaphunzira zachuma n'kupatsidwa dzina loti Nduna, ankamuwerengera ndi Tcheya yekha. Panalibe lamulo lotero. Anthu anangozolowera, ndipo Tcheya ankaonetsetsa kuti chizolowezicho chisafe.

Tsiku limeneli anachedwa kumsonkhano wina, ndiye Mlembi wa gulu anatumiza Besi, popeza Besiyo phunziro la zachumalo analikhoza chaka chatha.

Atachoka kulaibulale, Tcheya anamupeza Mlembi mu ofesi ya gulu, kachipinda kodzaza mafosholo, zitini za penti ndi mipando yothyoka miyendo. Anali mtsikana wosasunga mawu m'kamwa.

"Nkhope yatani, a Tcheya, ngati mwatafuna mandimu?"

"Mnyamata uja amagwiragwira anthu manja. Si khalidwe la gulu lathu limenelo."

"Nanga galafu amuonetse ndi chiyani, ndi mphuno? Paja mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa."

"Chikomekome cha mkuyu," Tcheya anayankha, akukankha chitini ndi phazi. "M'kati muli nyerere."

"Nyererezo ndikuziona, koma sizili mumkuyu ayi. Zikuyenda pa inu."

"Ine ndichite nsanje ndi ameneyo? Munthu wake chipumi ngati khonde."

Mlembi anaseka mpaka kugwira tebulo. "Chipumicho Anduna achiona liti? Iwo nkhope ya munthu ndi mawu ake. Ndiye pamenepo, achimwene, mwagwa nayo."

Mawu amenewo anamulowa ngati munga. Atafika kuhositelo anatsegula foni n'kumvetsera mawu ake amene anajambula powerengera Nduna sabata yapitayo. Anamva kaliwu kopyapyala, kothamanga, kodzaza ndi "eee" ndi "pepani, ndibwereze". Kodi ndi nkhope imeneyi imene Nduna wakhala akuiona nthawi yonseyi? Anazimitsa foniyo n'kuiponya pabedi.

Masiku otsatira zinangoipiraipira. Nduna anapempha kuti Besi azibwera pa phunziro la magalafu lokha, ndipo Tcheya sanapeze chifukwa chokanira. Iye akafika kudzawerenga mabuku enawo, ankapeza patebulo makatoni omatidwa ulusi ndi timitengo ta machesi, ntchito ya manja a Besi. Nduna ankayendetsa zala pa ulusiwo nkhope ikuwala. "Besi akuti mzere uwu ukasuntha, zinthu zimadula." "Besi akuti ndili ndi mutu wa masamu." Besi akuti, Besi akuti. Tcheya ankawerenga tsamba lonse osamva chimene akuwerenga. Iyeyo ndi amene anayenda maofesi mpaka nsapato kutha. Iyeyo ndi amene anatukwanidwa ndi alonda pa tsiku la zionetsero. Lero munthu wobwera dzulo, ndi ulusi wake, ndi amene akutchulidwa ngati mneneri.

Tsiku lina anakumana ndi Besi pa masitepe a holo.

"Aise," Tcheya anayamba, atamugwira paphewa, "kwa okalamba kuja denga likudontha, ndipo kukufunika anthu amphamvu ngati iwe. Komanso pali kankhani. Anduna akuti anazolowera wowerenga wawo wakale. Akuchita manyazi kukuuza okha, ndiye andituma ine."

Besi anakanda m'mutu. "Zoona? Ine ndimayesa tikumvana. Kapena ndinalankhula china molakwika?"

"Ayi, usadandaule. Akazi ndi choncho. Ungowasiya kaye."

"Chabwino, a Tcheya. Palibe kanthu."

Kwa Nduna ananena zina. "Besi watanganidwa ndi kwaya. Akuti mumukhululukire, sapezanso mpata."

Nduna anayendetsa chala pa ulusi. "Osabwera kudzatsanzika n'komwe?" anatero. Kenaka anakankhira katoni pambali. "Basi, werengani."

Tcheya anatsegula buku la magalafu mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'masabata angapo. Koma iye ankaphunzira mbiri yakale, ndipo tsamba limene linali patsogolo pake linali ngati ukonde wa kangaude.

"Apa pali mizere yokhota," anayamba. "Wina ukutsika, kenaka ukukweranso. Wina ukuudula."

"Ukuudula pati? Pansi penipeni kapena usanafike?"

"Chapakati."

"Pakati pa chiyani, a Tcheya? Kumbali yoimirirayo kwalembedwa chiyani?"

"Pali zilembo ziwiri. Ndikuganiza kuti ndi chidule cha mawu ena."

"Tandilembani m'dzanja."

Tcheya anagwira dzanja lija. Anali atalilakalaka kwa nthawi yaitali, koma atalitenga sanadziwe cholemba. Anakanda mizere yosokonekera. Nduna anabweza dzanja lake pang'onopang'ono.

"Pitirizani mawu okhawo," anatero. "Zinazo ndiona mmene ndichitire."

Tcheya ankaona kuti mtsikanayo akuvutika. Ankaona mmene ankabwerera ku makatoni akale aja, kufunafuna pa ulusi zinthu zimene panalibepo. Kangapo anafuna kumuitana Besi. Koma akangoganiza za liwu lija likudzaza kachipindako, mtima unkamuwawa ngati wathiridwa tsabola, ndipo ankadziuza kuti mawa aphunzira yekha magalafuwo. Mawa silinafike.

Mayeso a pakati pa chaka anabwera, ndipo Nduna, amene anali asanalepherepo chilowereni yunivesite, analephera. Mphunzitsi wake anamuuza mosabisa kuti akapanda kukhoza bwino mayeso omaliza, abwereza chaka.

Tcheya atafika kukachipinda kuja tsiku lotsatira, anapeza patebulo palibe kanthu. Nduna anali atakhala chowongoka, ndodo ili pamiyendo.

"Tsekani chitseko, a Tcheya. Bukulo musatsegule."

Anatseka.

"Dzulo ndinadutsa paholo kwaya ikuimba. Ndinadikira pakhomo kuti ndimufunse Besi chimene ndinamulakwira. Ndinapeza kuti nayenso ali ndi funso lomwelo."

Panja wina ankakoka ngolo ya mabuku, mawilo akulira.

"Mukupuma ngati mwathamanga," Nduna anatero. "Yankhani."

"Ndimafuna kukutetezani. Anyamata enawa simuwadziwa."

"Kunditeteza kwa ndani? Kwa galafu?"

"Anduna, ine..." Tcheya anayamba. "Ine ndimakukondani."

Mawu amene anawasunga nthawi yonseyi anatuluka opindika ngati msomali wokhomedwa pamwala. Nduna sanadzidzimuke. Anangopukusa mutu.

"Ndikudziwa. Ndinadziwa kalekale. Maso ndilibe, koma munthu akamanditchula dzina ngati akunyamula dzira ndimamva. Ndinkadikira kuti munene. Mukanandifunsa mmene mwamuna amafunsira mkazi, ndikanakuyankhani, ndipo mwina yankho lake likanakusangalatsani. Koma simunafunse. Munangondimangirira ngati mbuzi, kuti ndizidya msipu wokhawo umene chingwe chanu chafika."

"Sindinkafuna kuti mulephere."

"Inu munkaima pamaso pa akuluakulu kukuwa kuti osaona asamasankhiridwe zochita ngati ana. Ine ndinkaomba m'manja mpaka kutupa. Ndiye funso langa ndi limodzi, a Tcheya. Mumafuna ndikhoze, kapena mumafuna ndizikufunani?"

Nduna anadikira pang'ono, kenaka anatambasula ndodo yake n'kutuluka.

Msonkhano wa gulu wa sabata imeneyo unachitikira m'kalasi yaikulu, ndipo anthu anadzaza. Tcheya anakhala kutsogolo monga mwa masiku onse, Mlembi ali pambali pake. Anakambirana za penti, za nsapato za ana a kumsika, za kalata yopita kwa akuluakulu. Nthawi yonseyi Tcheya ankangoyembekezera kuti Nduna aimirire n'kumuvula pagulu. Atafika pa zina ndi zina, Nduna anaimiriradi.

"Ndili ndi pempho," anatero. "Kuyambira lero, wosaona aliyense azisankha yekha womuwerengera. Azimupempha yekha, ndipo akafuna kumusiya azimuuza yekha, pakamwa ndi pakamwa. Pasakhale wotumidwa pakati. Tcheya asalowererepo, Mlembi asalowererepo. Mumatithandiza, ndipo tikuthokoza. Koma sindife munda wa munthu."

Ophunzira ena osaona amene anakhala kumzere wakutsogolo anayamba kugogoda pansi ndi ndodo zawo. Tcheya anadabwa ndi kukula kwa phokosolo. Sankadziwa kuti nawonso anali nazo kukhosi.

"Kodi pachitika chiyani, Anduna?" wina anafunsa kumbuyo. "Alipo wakulakwirani?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," Nduna anayankha. "Zinazo musandifunse." Anakhala pansi.

Sanamutchule. Tcheya anamva kuti kukanakhala bwino akanamutchula. Anayang'ana kumene kunali Besi. Mnyamatayo anali ataweramitsa mutu, manja ali ndi zipsera za malata, ndipo sanadzutse maso ngakhale kamodzi.

"A Tcheya," Mlembi anamugunyuza ndi chigongono, "anthu akudikira."

Tcheya anaimirira. Ankadziwa bwino chimene pempholo likutanthauza kwa iye, ndipo ankadziwa amene adzakhale pampando wake m'kachipinda kaja. Nsanje ija sinathe. Inali pomwepo pachifuwa, ikutentha monga kale.

"Amene akugwirizana ndi pempho la Anduna akweze dzanja," anatero.

Manja anakwera kalasi yonse. Lake linatsala m'mbali, lolemera ngati mtondo. Mlembi anamuyang'ana. Pamapeto pake Tcheya analikweza.

"Mlembi," Nduna anafunsa ali chikhalire, "nanga a Tcheya?"

"Akweza."

"Chabwino. Ndiye ine ndiyambe. Besi, ngati uli ndi mpata, mawa masana. Ubwere ndi ulusi wambiri, tatsalira kwambiri."

"Ndibwera," Besi anayankha motsitsa.

Tcheya anatseka msonkhano. Anthu anatuluka akucheza, osaona aja akuitana mayina a owerenga amene akuwafuna, ena akusekana kuti asankhidwa, ena kuti asiyidwa. Dzina lake silinamveke. Anatsala yekha m'kalasimo n'kuyamba kusanja mipando, umodzi pamwamba pa unzake, mosafulumira, poti mawa masana analibe kopita.