Nkhope ya Atija pa Guwa la Ajezuiti

Ndakolopa nyumba ya Ajezuiti ija, pa chilumba chathu cha Mozambiki, mpaka mawondo kuda bii. Kale inali sukulu ya ansembe, kenako munkagona abwanamkubwa achipwitikizi, lero ndi yosungiramo zakale: mipando ya ku Goa, mbale zosadyeramo munthu, makama osagonapo aliyense. Alendo amajambula zonsezi, ine ndimangoona fumbi.

Mayi Muanjuma a ku Makuti, Asilamu osaphonya swala, ankabwera kawirikawiri n'kuima m'katchalitchi ka m'katimo, maso ali pa mngelo wamtengo wa kumanzere kwa guwa. Anthu ankati ayamba kupembedza mafano. Pachilumba pano pakamwa sipatsekeka.

Nkhani yake ndi iyi. Chiswe chitadya nkhope ya mngeloyo, oyang'anira nyumbayi anaitana amuna a mayiwa, malemu Ussene, mmisiri wa ngalawa. N'kuti atangoika m'manda mwana wawo Atija, amene sanajambulidwepo n'kamodzi komwe. Ussene anasema nkhope ya Atija. Kumzikiti sanaulule.

Chaka chino ng'ala yawatseka Mayi Muanjuma maso onse awiri. Anabwera akupapasa khoma mpaka pa chingwe chotchinga guwa.

"Zainabo, mwanawe, chotsa chingwechi ndimugwire."

"Mayi, mukufuna andichotse ntchito? Muno ngakhale ntchentche imayamba yapempha."

"Iwe, lilime ngati la mayi ako. Chotsa!"

Ndinasuzumira kukhomo, ndinachotsa chingwe, n'kuwakweza pa kampando kanga kopukutira mazenera. Anayendetsa zala pachipumi, pamphuno, pachibwano, n'kubwerezanso. Ndinkadikira kuti amwetulire. Anatsitsa dzanja.

"Si iyeyu."

"Ndi yemweyo, mayi. Wa kumanzere."

"Maso ankamudziwa. Manjawa akukana. Atija anali wofunda, masaya ake ofewa. Ili ndi thabwa."

Mtima unandiwawa, ine amene anthu amati sindilira ngakhale pamaliro. Ndinawatsitsa, iwo anangokhala pansi ponyowa, pomwe ndinali nditangokolopa kumene.

"Ndiye undiuze ndiwe," anatero. "Akuoneka bwanji?"

Zaka zonsezi mngelo ameneyu ndinkangomupukuta ngati mwendo wa tebulo. Tsiku limenelo ndiye ndinamuyang'anitsitsa.

"Wasongola kamlomo, mayi. Ngati wina wamumana chinachake."

Anaseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndi iyeyo. Ndinamumana mango, ndinati adikire apse."