Kalata Yoti Anachira

Mlandu wonse ndi wanga, ndipo sindikufuna wina andithandize kuusenza. Ndine amene ndinakwera kabaza kupita ku Kamwendo kukamatitsa kalata ija m'pulasitiki. Amuna anga, a Zakeyu, sananditume. Iwo tsiku limenelo anali gone pamphasa, akupuma ngati mbuzi yothamangitsidwa ndi agalu.

Tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Chiosya, ndipo chinali chaka chathu chachisanu ndi chimodzi. Kwathu ndi ku Phalombe, koma ndi kwathu kwa pakamwa chabe, chifukwa kamunda kamene mayi anasiya azichemwali anga anagawana kalekale. Pa esiteti tinali ndi nyumba ya zipinda ziwiri, ndime ya fodya ndi kadimba ka mpiru kuseri. Mwana wathu Imelda anali Sitandade 7 pasukulu yapafupi. Padziko lonse lapansi zathu zinali zomwezo.

Korona inawagwira a Zakeyu m'nyengo yozizira ya 2021. Anagona masabata atatu kuchipatala, mapaipi ali m'mphuno, ine ndikuwaonera pawindo. Atatuluka ndinkayesa kuti anthu atilandira ndi nthungululu. Nthungululu zake ziti! Ndikafika pamjigo azimayi ankamwazika, ndowa kuzisiya pamzere. Kutchalitchi benchi yonse inali yathu, ife amene kale tinkakhala mopanikizana mpaka kupondana zitenje. Mayi wina, dzina ndisunge, anatsuka chogwirira cha mjigo ndi sopo ine ndili pomwepo, ndowa ndisanasenze n'komwe.

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinafukula kalata imene anatipatsa potuluka m'chipatala. Inali ya Chingerezi, ya chidindo chachikulu pansi. Imelda anandimasulira kuti akuti bambo achira, kachilombo mulibenso m'thupi mwawo. Bambo wa fotokope ku Kamwendo anaimata pulasitiki yolimba, nati ngakhale mvula ya Januwale siingaifufute. Pa anthu onse a m'nkhani ino, iyeyo ndiye ananena zoona zokhazokha.

Ndinayamba pamjigo. Kalata m'mwamba, ine kuzungulira mzere wonse, aliyense aone chidindo. Lamulungu ndinaimirira nthawi ya zolengeza n'kukakamiza mkulu wa mpingo kuti aiwerenge kutsogolo, Chingerezi chake chikupunthwa chonchobe. Lolemba ndinapita kwa a Alufeyo, kapitawo woyang'anira matenanti, ndinawapeza akugawa mbewu ya nazale.

"Muyang'ane bwino, a Kapitawo," ndinatero. "Bambo a Imelda achira. Mphamvu ali nazo kuposa inuyo. Ndikangomva munthu akunena kuti m'nyumba mwanga muli wodwala, andiona."

"Tamva, amake Imelda," anatero a Alufeyo, anthu akuseka.

Ndinabwerera kunyumba n'kukhomera kalata ija pachitseko ndi misomali inayi. Ndipo inagwira ntchito, abale! Sabata isanathe azimayi anayambanso kudzapempha mchere. Ndinkayenda mapewa m'mwamba pa esiteti yonse.

Vuto linali loti thupi la a Zakeyu silinkadziwa kuwerenga Chingerezi.

Munthu ameneyu kale ankathirira nazale ndi makeni awiri, chothamanga, akuimba nyimbo za kwaya. Tsopano keni imodzi ankapuma nayo katatu asanafike panazale. Akalimbikira tsiku limodzi, masiku awiri otsatira anali ogona, mutu ukuwawa, pachifuwa ngati wina wakhalapo. Anayambanso kuiwala. Mzere umodzi anauthira feteleza kawiri, woyandikana nawo osauthira, ndipo nditawafunsa anangondiyang'ana, manyazi ali m'maso.

"Amake Imelda," anandiuza tsiku lina atakhala pakhonde, "thupi ili si langa. Langa linatsala kuchipatala kuja."

"Musayankhule zimenezo, anthu angamve," ndinawayankha.

Mwamva yankho la mkazi wanzeru limenelo? Munthu akundiuza kuti akumira, ine ndikuyang'ana ngati aneba atsegula windo. Ndinayamba kubisa. Ntchito yawo ndinkaigwira ndekha m'mamawa, ndipo wina akafunsa ndinkati apita ku Kamwendo kukagula zingwe. Zingwe zimene a Zakeyu anagula chaka chimenecho zikanamanga fodya wa Mchinji yense.

Tsono pa esiteti imeneyo matenanti tinali ndi lamulo lathu. Munthu akadwala, Loweruka tonse tinkapita pandime yake kukagwira ntchito, mkazi wake ankangophika thobwa. Bwana, mwini esiteti, nayenso sankachotsa wodwala chaka chimenecho. Amene ankakwezedwa thirakitala fodya akatha, ndi katundu wake yense, n'kukatsitsidwa kumsewu waukulu, anali waulesi. A Zakeyu pa zaka zisanu sanajombepo Loweruka la munthu ngakhale limodzi.

Mu Febuluwale fodya anapsa nthawi imodzi, masamba apansi akuchita chikasu ine ndikuona. Kuthyola ndinkatha, kusoka ndinkatha, koma kupachika m'chigafa kumafuna munthu wokwera pamitanda. A Zakeyu anakwera. Atafika mtanda wachiwiri anatsika pang'onopang'ono, n'kukhala pansi, milomo itachita phulusa. Ndinachita mantha kwambiri, kuposa tsiku limene ndinkawaonera pawindo lija.

Madzulo ake ndinapita kwa a Alufeyo. Ndinagwada, ine amene.

"A Kapitawo, bambo a Imelda sali bwino. Tikupempha Loweruka."

"Pepani. Akudwala chiyani?"

"Matenda omwe aja."

"Aja anachira aja?"

A Alufeyo si munthu woipa, ndinene chilungamo. Anakanda m'mutu, kenako anayankhula mofatsa, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kunandipweteka.

"Mayi, munaima pano pamaso pa anthu. Munati ali ndi mphamvu kuposa ine. Ine ndinakhulupirira, ndinakauzanso bwana kuti nyumba ya Zakeyu ili bwino. Lero ndikawauza chiyani anthu? Bweretsani kalata ina yoti akudwala, Loweruka ndiitana ndekha."

Tinapita kuchipatala pa kabaza, a Zakeyu atanditsamira pomwe tinkadikira pamzere. Anawayeza malungo, palibe. Anawayeza TB, palibe. Anawayezanso korona, palibe. Dokotala anali wachifundo. Anati zimachitika kwa ena amene anadwala korona, kachilombo kamachoka koma kufooka kumatsala miyezi, mwina zaka, ndipo chofunika kwambiri n'kupuma. Kupuma! Mu Febuluwale, kwa tenanti wa fodya! Analemba zonsezo m'buku lawo la kuchipatala, koma ndi zolemba za madokotala zija, zonga nkhuku yapalasa. Zimene aliyense ankatha kuwerenga zinali zotsatira zitatu za pamwamba.

A Alufeyo analitembenuza bukulo uku ndi uku. "Amake Imelda," anatero, "tsopano makalata oti ali bwino akwana awiri."

Ndinayenda nyumba ndi nyumba kuchonderera. Anthu ankamvetsera, kenako n'kusuzumira pakhonde pathu. A Zakeyu chifukwa chongokhala anali atanenepa masaya, khungu kusalala kuposa kale. Wodwala amene anthu amamudziwa ndi wowonda, wotsokomola, wa botolo la mankhwala pambali. Uyu anali bambo wa masaya, atakhala pansi pa kalata yonyezimira yonena kuti anachira. Mkulu wa mpingo anandikumbutsa kuti anaiwerenga yekha kutsogolo, ndipo mpingo unaombera Mulungu m'manja.

Loweruka ndinaphikabe thobwa, ndowa yodzadza. Kunabwera munthu mmodzi, mayi uja wa sopo. Anathyola mizere inayi osandiyankhula, anamwa kapu imodzi n'kumapita. Mpaka lero sindidziwa kuti ndimuyamike kapena ndimukwiyirebe. Thobwa lotsala linasasa.

Theka la fodya linaolera m'munda. Lotsalalo ndinalipachika m'mitanda yapansi mopanikiza, ndipo lambiri linachita nkhungu. Bwana sanafunse zambiri. Anamva kuti pali tenanti wamphamvu zake amene wakhala pakhonde chaka chonse.

Thirakitala inabwera mu Ogasiti, m'mawa, fumbi lili kobo. Tinakweza mphasa, mapoto, thumba la zovala ndi mabuku a Imelda, amene ankalira mosabisa. Ine sindinalire. Itafika nthawi yoti a Zakeyu akwere ngolo, anaponda tayala, anagwira chitsulo, mwendo winawo unakana. Anayesa kachiwiri, mpweya unawathera. Amuna anayi amene anabwera kudzaonerera anayang'anizana, kenako anawanyamula ngati belo la fodya n'kuwakhazika pa thumba la zovala. Mmodzi wa iwo, amene anandiuza kuti sangalimire munthu wa masaya, ankangoyang'ana zala zake za kumapazi.

Injini italira, ndinaona a Alufeyo akuthamanga kuchokera kunyumba kwathu kuja, chinthu chikunyezimira m'manja. Anali atazula misomali yonse inayi mosamala, osang'amba pakona.

"Mwaiwala iyi, mayi," anatero akupuma wefuwefu. "Muisunge bwino. Kumene mukafunse malo akafuna kudziwa ngati bambo ali ndi mphamvu."

Ndinailandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu. Ndinkafuna kuiponya pansi pa tayala, koma thirakitala inali itanyamuka kale, ndipo fumbi linawalowa a Zakeyu m'chifuwa. Anatsegula pakamwa kusaka mpweya, maso ali pa ine. Chokupizira panalibe. Ndinagwira kalata ija pakona n'kuyamba kuwakupiza nayo kumaso, ndipo pulasitiki ya ku Kamwendo ija inali yolimbadi, inkabweretsa mphepo yabwino.

"Musasiye, amake Imelda," anatero. "Ikuthandiza."

Ndinawakupiza mpaka kumsewu waukulu.